Zimene Namzeze Anabisira Adokotala a Maso

"Ukafika kumeneko ukanene zonse," anatero agogo, ataima pakhomo kuti mdzukulu wawo asatuluke asanamve. "Usakanene za diso lokha. Ukanenenso za msanawo, za kutentha thupi, ndi zoti chitseko cha kuchimbudzi sichikuona tulo chifukwa cha iwe. Wamva?"

"Agogo, ndikupita kwa dokotala wa maso. Maso ali kumtunda kuno. Zinazo n'za kumunsi."

"Kumtunda ndi kumunsi mwini wake ndi mmodzi. Ndipo usakakwere chikepe chija, chimatsekera anthu m'kati. Usakakhale pansi pa fani. Wina akakhosomola, iwe usakapume. Nsapato zimenezo uthyoka nazo mwendo."

Vuto la agogo linali limenelo. Machenjezo awo anali ngati mvumbi, munthu sudziwa dontho lomwe lakunyowetsa. Anachenjezapo za foni, za madzi ozizira, za kuseka uli ndi chakudya m'kamwa, za anyamata ovala wotchi. Choncho mtsikanayo anawapsompsona pachipumi, nati, "Ndamva zonse, agogo," ndipo zonsezo anazisiya pakhomo pomwepo.

Ankamutcha Namzeze chifukwa anali wochepa thupi ndi wosakhazikika. Ankagwira ntchito pa saluni ya Madamu, chipinda chachitali chokhala ndi magalasi khoma lonse, masinki kumapeto, ndi fungo la tsitsi lopsa lomwe silinkachoka ngakhale mutsegule mawindo onse. Ntchito yake inali yomata nsidze. Kasitomala ankagona chagada pampando, maso ali tseke, iye n'kumatola katsitsi kamodzikamodzi ndi kachitsulo kopanira, kukaviika mu guluu, n'kukamata pamwamba pa kanzake kachibadwa. Ena amalima ndi khasu, Namzeze ankalima ndi maso. Ndiye masowo anali atafiira psuu, makamaka lakumanzere, ndipo kuwala kulikonse kunkamubaya mpaka kunkhongo. Madamu ndi amene anamuthamangitsira kuchipatala. "Makasitomala akukuopa, mwana iwe. Diso ngati wagona m'bala!"

Chipinda cha adokotala a maso chinali chamdima. Pakati panali makina okhala ndi poika chibwano, ndipo kuseri kwa makinawo kunali mnyamata. Ayi, sanali adokotala a dazi ndi mimba amene Namzeze ankayembekezera. Anali mnyamata wonunkhira sopo, wa mawu apansipansi ngati akuopa kudzutsa khanda.

"Ikani chibwano apa, achemwali. Yang'anani khutu langa."

Namzeze anayang'ana khutulo. Ana inu, khutu ndi khutu, ngakhale mbuzi ili nalo. Koma iye analiyang'ana ngati sanaonepo khutu chibadwire. Nyali yopyapyala ngati lumo inalowa m'diso mwake, misozi n'kumatsika, koma mtima uli phaphapha ndi nkhani zina.

"M'kati mwa diso muli kutupa," anatero adokotala. "Maso onse awiri, koma lakumanzere kwambiri. Kutupa kwa mtundu umenewu nthawi zina sikubwera kokha. Thupi lonse lili bwanji? Msana? Kutentha thupi? Mwaondako? Nanga kutaya madzi, kuli monga mwa masiku onse?"

Nkhope ya munthuyo inali pafupi moti Namzeze ankamva mpweya wake. Mtsikanayo anali atadzola perefyumu wa Madamu, milomo ili phuliphuli. Ndiye ayambe kufotokozera khutu lokongola lija kuti iye ndi chimbudzi akhala pachibale? Kuti amadzuka ndi ludzu, kumwa, kuthamanga, kubwerera, kumwanso?

"Ndili bwinobwino, adokotala. Kuondaku n'kwachibadwa, kwathu tonse ndife otero."

Anamupatsa timabotolo tiwiri todontheza m'maso. Kena kanali koziziritsa kutupa. Kena kanali kokulitsa mwana wa diso kuti asamatirire ku galasi la m'kati mwa diso, chifukwa diso lotupa limachita ulimbo. "Musadumphe ngakhale kamodzi. Ndipo potuluka mudutsire ku labu, akayeze magazi ndi mkodzo."

Koma zenera la labu linali moyang'anizana ndi chitseko cha adokotalawo. Anthu anali pamzere, aliyense ndi kabotolo kake kachikasu m'manja, ena akukabisa m'thumba, ena akukagwira monyadira ngati mphatso. Namzeze anaganiza za chitseko chija chikutseguka, khutu lija likutuluka, iye ali njo ndi kabotolo kofunda. Anatsika masitepe ngati wina akumuthamangitsa.

Ku saluni, mnzake woluka tsitsi amene ankamutcha Wayilesi sanadikire kuti aike chikwama pansi.

"Wabwera ndi mankhwala kapena wabwera ndi matenda ena? Taonani mano ali panja!"

"Iwe, munthu uja akayatsa nyali yake..."

"Ayi ndithu, Madamu, tamvani! Anyali amulasa mnzathu!"

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linali Anyali. Saluni yonse inawadziwa, ngakhale makasitomala a pansi pa zowumitsira tsitsi ankatulutsa mitu kufunsa kuti, "Anyali akuti bwanji?" Namzeze ankatsanzira mawu awo, atagwira chibwano cha Wayilesi: "Yang'anani khutu langa, achemwali." Madamu ankaseka mpaka wigi n'kupendekeka.

Kabotolo koziziritsa ankakadontheza ndithu. Koma kokulitsa mwana wa diso kankamuchititsa kuona zapafupi ngati zili mu nkhungu, ndipo munthu sungamate nsidze mu nkhungu. Kanakhala m'chikwama, pakati pa lipisitiki ndi makiyi. Msana ukavuta, ankagula mapiritsi opha ululu pagolosale n'kumawakukuta ngati mtedza. Anyali akamufunsa za labu, ankati mzere unali wautali, apitako lero lomwe. Diso linkayera, kenako n'kufiiranso, ndipo likafiira Namzeze ankaimba.

"Chibadwire, munthu wokondwera diso likafiira ndakuona iwe wekha," anatero Wayilesi.

Agogo sankaseka nawo. Iwo ankaona siketi ikumangidwa ndi pini, mbale ikubwerera kukhitchini ndi chakudya, mtsikana amene kale ankakwera masitepe awiriawiri akupumira pakati.

"Unanena?"

"Ndinanena, agogo."

"Anati chiyani za chitseko chija?"

"Anati muchithire mafuta, chikukusokoserani."

Masana ena, ali ndi kachitsulo pamwamba pa chikope cha kasitomala, chipinda chonse chinamuzungulira. Anangokwanitsa kufika pa sinki, n'kusanza, kenako n'kukhala pansi pakati pa tsitsi losesedwa. Madamu anaimbira agogo. M'mawa mwake agogo anavala juzi ziwiri, akuti zipatala zimazizira dala, nagwira mdzukulu wawo dzanja ngati mwana woyamba sukulu. Chikepe anachikana. Anakwera masitepe onse akulalatira amene anamanga nyumba pamwamba pa nyumba inzake.

Palibe anawaitana m'chipinda chamdima chija. Namzeze ataika chibwano pamakina, anangomva mpando wina ukukokedwa kumbuyo kwake.

"Adokotala, mwanawanga, pepani ndalowa. Mwana uyu samva. Foni amagona nayo pamutu. Madzi amamwa ozizira, tsiku lonse gubudugubudu ngati ngamila. Nsapato mwaziona nokha. Guluu uja amapuma tsiku lonse, ine ndinanena kuti amuphulitsa maso. Usiku chitseko cha kuchimbudzi kwee, kwee, kwee mpaka kucha, ine ndimati mwina mwalowa wakuba. Tsitsi amasamba madzulo. Mapiritsi a msana amadya ngati ndiwo. Dzulo wasanza pamaso pa anthu. Komanso amaseka ali ndi chakudya m'kamwa."

Nyali inazima.

"Agogo, tabwerezani."

"Amaseka ali ndi chakudya..."

"Ayi, za chitseko. Ndi za mapiritsi."

Agogo, amene moyo wawo wonse palibe anawapemphapo kuti abwereze chenjezo, anakhala tsonga. Anabwereza, n'kuwonjezera, n'kutsanzira kulira kwa chitsekocho kachiwiri. Namzeze anasiya chibwano pamakina pomwepo, maso ali tseke, akupempha kuti pansi pang'ambike iye ndi makinawo alowe limodzi. Atatsegula diso limodzi, anaona nkhope ya Anyali ikuwala kuposa nyali yawo. Sanaionepo ikuwala choncho. Tsoka lake, sinkawalira iye.

"Maso ndi impso," ankatero okha Anyali, akusakasaka foni m'matumba. "Maso ndi impso! Achemwali, bwanji simunandiuze?"

Ulendo uno anamuperekeza okha ku labu. Kabotolo anachita kumupatsa pamanja, n'kumulozera chitseko.

Adokotala a impso anali mayi wachikulire, wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe. Anayang'ana zotsatira za ku labu, nayang'ana Namzeze, nayang'ananso zotsatirazo.

"Mwanawe, impso ndi sefa. Zako zatopa, zinyalala zikutsalira m'magazi, n'chifukwa chake ukusanza. Mu mkodzo muli shuga, koma matenda a shuga ulibe. Muli asilikali a m'thupi, koma tizilombo toti amenyane nato mulibe. Ndiye akumenyana ndi yani?"

"Ndi guluu," anatero agogo.

"Si guluu, amayi."

"Foni."

"Ngakhale foni. Tifufuza." Anawerama n'kutulutsa chigubu pansi pa tebulo, chachikulu ngati cha mafuta ophikira a pa ukwati. "Kuyambira mawa m'mawa mpaka m'mawa winawo, dontho lililonse lilowe umu. Ubwere nacho."

Ana inu, manyazi ali ngati udzu, ukawasiya amakula. Amene anathawa kabotolo kolowa m'chikhatho anabwerera kuchipatala ndi chigubu. Anachikulunga mu thawulo, n'kuchiika m'chikwama chachikulu, koma chigubu chodzaza sichisunga chinsinsi. Phazi lililonse chinkayankha kuti khuvu, khuvu. Agogo anali kumbuyo akulengeza njira yonse kuti, "Gwira bwino, chitayika! Patukani, anthuni, mwanayu wanyamula za adokotala!"

Pakona ya khonde, ndani uyo balamanthu? Anyali.

"Achemwali! Mwabweretsa? Chikuoneka cholemera. Bweretsani ndikunyamulireni."

Namzeze anali atalotapo munthu ameneyu akumunyamulira chikwama. Ankalota ali mumsewu wa mitengo, anthu akucheuka. Anthu anacheukadi. Anyali anali patsogolo, chigubu chili khuvu, khuvu, iwo akuchiyamikira kuti, "Mwachita bwino kwambiri, ambiri amabweretsa theka." Namzeze anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira khoma, misozi ikutuluka m'diso lofiira ndi loyera lomwe, agogo akumumenya pamsana kuti asatsamwe.

Kenako panafunika kutenga kanyama ka impso ndi singano yaitali yolowera kumsana. Apa agogo anaima pakhomo la wodi, manja m'chiuno.

"Adokotala, tiwerengeretu tonse. Walowa nazo ziwiri."

"Atuluka nazo ziwiri, amayi. Tikungotenga kochepa kuposa njere ya mpunga, tikakaone pa makina okulitsa."

"Njereyo mukamaliza mubweze."

Zotsatira zitabwera, madokotala awiri aja anakhala m'chipinda chimodzi, wa kumtunda ndi wa kumunsi. Amayi a impso ndi amene anafotokoza. Anati m'kati mwa impso muli timapaipi ting'onoting'ono, ndipo asilikali a thupi la Namzeze anasokonezeka mutu n'kuyamba kumenya timapaipi timeneto, komanso m'kati mwa maso, ngati alonda omenya mwininyumba. Anati ndi matenda osowa, okonda atsikana a msinkhu wake, ndipo iwo pa zaka zawo zonse za ntchito anangowaonapo mwa apo ndi apo. Si opatsirana, si olodzedwa. Chimene chimawayambitsa sichidziwika bwino, koma mapiritsi a pagolosale aja anali ngati kuthira palafini pamoto.

"Amenewo usadzawakhudzenso. Ndikupatsa ena amphamvu ogonetsa asilikaliwo. Tiyamba ndi ambiri, tizichepetsa pang'onopang'ono. Usadzawasiye wekha mwadzidzidzi, ungadzagwe. Koma ndikuuziretu: udzadya, udzalankhula, ndipo nkhope idzakula."

"Kulankhula kuposa apa?" anafunsa agogo mwamantha.

Kuposa apo. Mapiritsiwo anamulowa Namzeze ngati mowa wa ulere. Ankadzuka mbalame zisanayambe, n'kukolopa nyumba yonse, kusuntha mipando, kuibwezera, kuisunthanso. Agogo anakhala pansi kawiri pamalo pomwe dzulo lake panali mpando. Buledi wa banja lonse ankatha iye ataimirira. Ankadya mazira, nthochi, mpunga wa dzulo, n'kumayang'ana mbale ya agogo ndi diso lachifundo. Ankaseka ndi chilichonse: supuni ikagwa, galu akayasamula, agogo akamuchenjeza kuti kuseka kwambiri kumatsegula bala la singano. Masaya anatukuka, chibwano chinabereka chinzake. Atapita kukacheza ku saluni, Wayilesi anagwetsa chipeso.

"Madamu, zimitsani magetsi, mwezi watuluka masana!"

"Ndisiye, iwe. Uli ndi chakudya m'chikwamamo?"

"Namzeze anauluka, kwatera nkhunda!"

Ludzu linachepa. Msana unaleka. Magazi akayezedwa, amayi a impso ankagwedeza mutu mokondwa. Koma tsiku lina anavula magalasi n'kumuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

"Impso zadzuka, mwanawe, koma zadzuka ndi zipsera. Ukanabwera pamene diso linayamba, bwenzi zilibe. Zikusunga, ukazisunga. Ine ndi iwe tizionana mpaka ndidzapume pantchito, ndipo ndikadzapuma udzaonana ndi wondilowa m'malo."

Namzeze anati zikomo, koma maganizo ake anali kale pakhomo loyang'anizana ndi labu. Anyali anali atamutumizira uthenga kudzera kwa anamwino kuti tsiku limenelo asalephere, ali naye mawu apadera. Anavala diresi la Wayilesi chifukwa ake onse anali atamukana. Anadzola perefyumu mpaka agogo kuyetsemula.

"Achemwali," anatero Anyali, akusisita manja ngati munthu wofuna kupempha chinthu chachikulu, "diso ngati lanu sindinalionepo, ndipo mwina sindidzalionanso. Ndili ndi pempho. Mukhoza kukana."

"Sindingakane, adokotala."

"Zikomo kwambiri! Lowani nonse!"

Chitseko chinatseguka, ndipo munalowa ophunzira udokotala, anyamata ndi atsikana a makoti oyera, mpaka ena kuima pakhonde n'kumasuzumira. Anyali anaima pakati ngati mlaliki. Anafotokoza za diso lofiira. Anafotokoza za ludzu, za msana, za maulendo a kuchimbudzi, za shuga wa mu mkodzo, za chigubu ndi kulemera kwake. Ophunzira ankalemba. Wina anakweza dzanja kufunsa mtundu wa mkodzowo, ndipo agogo, ali pakona ndi juzi zawo ziwiri, anayankha iwo. Zimene Namzeze anabisira mwamuna mmodzi mu mdima zinalalikidwa kwa khamu, magetsi onse akuyaka.

Kenako mmodzimmodzi anakhala kuseri kwa makina.

"Yang'anani khutu langa, achemwali."

"Yang'anani khutu langa."

"Khutu langa, chonde."

Anaona makutu aakulu, makutu aang'ono, makutu a ndolo, makutu aubweya. Pofika kwa womaliza, phwete linamuphulika, chibwano chikudumpha pamakina, ndipo kalasi yonse inaseka naye osadziwa chomwe ikuseka.

Onse atatuluka, Anyali anamupatsa kagalasi kakang'ono, mawu awo atabwerera pansi.

"Taonani mwana wa diso lakumanzere. Lakumanja ndi lozungulira. Ili lapindika, chifukwa mbali ina inamatirira ku galasi la m'kati. Ndayesa mankhwala amphamvu, yakana kumatuka. Galasilonso lachita kachifunga. Kabotolo kachiwiri kaja munkadontheza?"

Namzeze anayang'ana m'kagalasimo. Kadontho kakuda ka diso lake kanali ngati nyemba yolumidwa.

"Kanali m'chikwama, adokotala."

"Kutupa tikuletsa, ndipo muzibwera ngakhale diso lisakupweteka, chifukwa matendawa amabwerera mwakachetechete. Njira muziiona, nkhope za anthu muziziona. Koma tinthu tating'ono kwambiri, diso ili lizikunamizani."

Atabwerera kuntchito, saluni inamulandira ndi nthungululu. Kasitomala wake wakale, mayi wa kubanki amene sankalola dzanja lina pankhope pake, anagona pampando nthawi yomweyo. "Ndakudikira, mwana iwe. Enawa amamata ngati akufolera denga."

Namzeze anatenga kachitsulo kake. Anatola katsitsi, nakaviika mu guluu, nawerama. Pachikope panali titsitsi tiwiri pamene panayenera kukhala kamodzi. Anatsinzina diso lakumanzere, kanatsala kamodzi, koma sanathe kudziwa ngati kali pafupi kapena patali. Anamata m'malere. Anayesanso, guluu n'kudontha patsaya la mayiyo.

"Wayamba?" anafunsa kasitomala, maso ali tseke.

Namzeze anapukuta tsayalo mofatsa ndi thonje. Anakodola Wayilesi, namuika kachitsuloko m'manja.

"Ine ndimaluka, sindimata!" ananong'ona Wayilesi.

"Uphunzira. Ndizikuuza ndili uko."

Madamu anangomuponyera epuloni ya pulasitiki. Namzeze anaivala, zingwe zake zikuvuta kukumana kumbuyo, napita kumapeto kwa chipinda kumene kunali masinki. Kumeneko mutu wina unali utawerama kale, ukudikira shampu. Anatsegula mpopi, nayesa madzi ndi chigongono, nafuula kuti amve onse: "Iwe Wayilesi, katsitsi kamodzikamodzi! Ukamumata maso mayiyo, ine sindikuperekeza kwa Anyali!"